Nkhokwe ya m'Thumba

Akristu anzathu, makolo ndi ana a m'midzi yonse kumene kalata iyi ifika,

Mwezi wathawu, pamene tinali kuchezera miphakati ya kumbali ya Mkanda, tinakhala pansi pa mtengo wa mango titatha mapemphero. Ndipo agogo ena aamuna, amene tiwalemekeza chifukwa cha msinkhu wao ndi chikristu chao, anatulutsa lamya ya m'manja m'thumba la jekete, naiika pamphasa pakati pathu monga achitira munthu wodza ndi mlandu kwa mfumu. Anati: "Aphunzitsi, mwana wanga wa ku Joni wanditumizira ichi, akuti ndalama zanga zizikhala m'menemu. Ine ndachitembenuza uku ndi uku, koma ndalama sindinazione. Tandiuzani, kodi chinthu chimenechi n'chabwino kwa mkristu, kapena n'choipa?" Anthu anaseka, ifenso tinaseka. Koma pobwerera panjinga madzulo ache tinazindikira kuti funsolo silinali lachibwana, ndi kuti yankho limene tinawapatsa pamenepo linali lalifupi kopambana. Chifukwa chache tafuna kuliyankha bwino muno, pakuti tidziwa kuti funso lomweli liri m'nyumba zambiri, ngakhale eni ache salinena.

Tiyambe ndi kukumbukira kuti zachilendo sizinayambe lero kufika kuno kumalire. Pamene ansembe a chipani cha White Fathers anamanga misoni ya Kachebere m'chaka cha 1903, boma lathu likali kutchedwa Fort Manning, pepala lonyamula mau a munthu linali chodabwitsa kwa makolo athu. Pambuyo pache inadza njinga, anadza makina osokera, chinadza chigayo. Njanji inafika pa Mchinji m'chaka cha 1980, ndipo anailumikiza ndi Chipata m'chaka cha 2010. Chinthu chiri chonse mwa izi chinabala nchito yache: telala pakhonde la sitolo, wokonza njinga pansi pa mtengo, mwini chigayo ndi mnyamata wache woyera ndi ufa. Chiri chonse chinachotsanso kanthu. Chigayo chinapumitsa manja a amai athu, inde, koma chinatontholetsanso nyimbo za pamtondo, m'mene akazi ankadzudzula amuna ao mudzi wonse ulikumva. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Kumbukiraninso m'mene ndalama zinkayendera kale. Amuna athu ankapita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela, kufikira boma linaletsa ulendowo m'chaka cha 1974. Ena ankapita ku minda ya ku Salisbury. Wofuna kuthandiza mkazi wache ankatumiza ndalama pa positi, kapena ankazipatsira mnzache wobwerera kwao. Miyezi inkatha mkazi alikudikira, ndipo nthawi zina mnzacheyo ankafika ndi moni yekha. Amene anaona masiku amenewo sanganyoze lamya iai.

Nzeru yosunga ndi kutumiza ndalama pa lamya inayamba kutchuka ku Kenya, kumene kampani ya Safaricom inatsegula M-Pesa m'chaka cha 2007. Kuno kwathu Airtel Money inayamba m'chaka cha 2012, ndipo Mpamba wa TNM m'chaka cha 2013. Lero mukayenda pa Kamwendo, pa Waliranji, pa Kapiri, pa Mkanda kapena pa boma penipeni, muona timanyumba tofiira ndi tobiriwira tandandalika m'mbali mwa mseu, ndipo m'kanyumba kali konse muli mnyamata kapena mtsikana amene timtcha ejenti.

Agogo aja anafunsa kuti ndalama ziri pati, ndipo ambiri amene alikugwiritsa nchito lamya tsiku ndi tsiku sangawayankhe. Tsono mverani. M'lamya mulibe ndalama. Muli mau okha onena kuti kampani irikukusungirani zakuti zakuti. Ejenti ali ngati munthu wa matumba awiri. M'thumba limodzi muli ndalama zamapepala, m'thumba linalo muli ndalama zolembedwa m'lamya yache, zimene iye anazigula kwa kampani ndi mpamba wache. Inu mukampatsa mapepala kuti akuikireni, iye alandira mapepalawo m'thumba loyamba, nachotsa zofanana nazo m'thumba lachiwiri, nazilembetsa pa dzina lanu. Mukadza kudzatapa, zichitika mobwerera. Kampani impatsa iye kamphotho pa nchito iri yonse yotere, ndipo kamphothoko ndiko phindu lache. Chifukwa chache mukamva ejenti akuti "lero ndiribe," musafulumire kumnena kuti ngwamwano. Kawirikawiri thumba limodzi lauma chifukwa anthu onse adza ndi chofuna chimodzi: pamene ana a kutali atumiza za feteleza, onse afuna kutapa, ndipo mapepala amthera, pamene alimi agulitsa mtedza, ambiri afuna kuika, ndipo za m'lamya zimthera. Pamenepo ayenera kutseka kanyumba, nakwera kabaza kukasintha kwa wamkulu wache kapena ku banki. Nchito imeneyi ioneka yopepuka kwa woyang'ana chapatali, koma ifuna mutu wodziwa kuwerengera ndi mtima wosagwira za eni.

Pozungulira lamya pabadwa nchito zina zambiri zimene makolo athu sanazilote. Pali wotchaja malamya ndi magetsi a dzuwa, pali wokonza malamya osweka, pali wothira nyimbo ndi makanema m'timakadi. Mnyamata wa njinga yamoto salinda okwera pasiteji pokha monga kale. Amuitana pa lamya usiku kuti atenge mai wodwala kunka naye kuchipatala cha Ludzi, cha Guilleme kapena cha Kapiri, ndipo tidziwa miyoyo imene yapulumuka chotero.

Tiime pang'ono pa nyale za dzuwa zolipira pang'onopang'ono, pakuti m'menemo muli phunziro. Makampani ena akupatsani nyale, ndi kabokosi kache, ndi chotengera mphamvu ya dzuwa choika padenga, inu mutangolipira gawo laling'ono la mtengo wache. Chotsala mulipira pa lamya, mlungu ndi mlungu kapena mwezi ndi mwezi, ndipo mukalipira akutumizirani manambala otsegulira nyaleyo. Mukaleka kulipira, nyale izima yokha. Taonani nzeru yache. Kale wogulitsa ankakongoza munthu amene amdziwa, kapena wokhala ndi chikole, kapena wodza ndi mboni. Mmphawi wosadziwika sankakongola kanthu. Tsopano wogulitsa safuna kukudziwani, pakuti loko ali m'kati mwa katundu yemweyo. Mwa njira imeneyi mabanja ambiri osauka ataya koloboyi, ndipo ana awerenga usiku osatsokomola ndi utsi. Ichi n'chabwino, ndipo tichiyamika. Komatu wasitolo wakale, ngakhale anali wouma mtima, ankamva kuti pakhomo panu pagwa maliro, nadikira. Nyale siimva za maliro. Chotero musanasainire, khalani pansi awirinu, muwerengere mtengo wonse kufikira tsiku lomaliza, ndi kufunsana ngati mudzakhoza kulipira mu Januwale ndi mu Febuluwale, pamene chimanga chatha m'nkhokwe.

Tsopano za malonda a mbeu, pakuti dziko lathu la Mchinji lidziwika ndi mtedza, soya, chimanga ndi fodya. ADMARC inakhazikitsidwa m'chaka cha 1971, ndipo zaka zambiri mlimi ankadziwa msika umodzi ndi mtengo umodzi. M'chaka cha 1987 boma linalola anthu wamba kugula mbeu, ndipo pang'ono ndi pang'ono anachuluka mavenda amene apachika sikelo pamtengo m'mbali mwa njira. Mphamvu yaikuru ya venda inali yakuti iye adziwa mtengo wa ku Lilongwe, mlimi osaudziwa. Lamya yachepetsa mphamvu imeneyo. Mlimi angathe kuimbira mphwache wa mu mzinda, kapena kumvera wailesi ya Mudziwathu, kapena kufunsa ku kalabu yache ya NASFAM, nadziwa mtengo asanamasule thumba. Liriponso bungwe la ACE ku Lilongwe limene litumiza mitengo ya mbeu pa lamya, ndi kusunga mbeu za alimi m'nyumba zache powapatsa chikalata, kuti adzagulitse mtengo utakwera. Boma nalo lilengeza chaka ndi chaka mitengo yoyambira.

Koma lamya siyesa thumba. Sikelo ikali m'manja mwa wogula, ndipo sikelo yokhotetsedwa iba zambiri kuposa mtengo wotsika. Funsani ngati iri ndi chidindo cha a Malawi Bureau of Standards. Ndipo mphakati kapena kalabu imene ingathe kugula sikelo yacheyache, igule. Tisaloze chala venda yekha. Alipo akristu amene anyika mtedza m'madzi kuti usendeke msanga ndi kulemera, ena athira mchenga m'soya. Mtedza wonyowa uchita chuku, chukucho chiri ndi ululu woononga chiwindi, ndipo ogula a kunja akachipeza akana katundu yense, wa wolakwa ndi wa wosalakwa pamodzi. Buku la Miyambo lidzudzula miyeso yonyenga, ndipo silisiyanitsa wogula ndi wogulitsa.

Pachipata cha malire napo zinthu zasintha. Mu Disembala 2022 a Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko lino nthawi imeneyo, pamodzi ndi a Hakainde Hichilema a ku Zambia, anatsegula nyumba zatsopano za Mchinji ndi Mwami, kuti woloka aziima kamodzi m'malo mwa kawiri. Koma malonda ambiri atsopano sayamba pachipata. Ayamba pa WhatsApp. Mai wa pa boma alandira zithunzi za zitenje kuchokera kwa mnzache wa ku Chipata, azionetsa kwa akazi anzache, asonkhanitsa ndalama pa lamya, ndipo katundu afika pa basi. Alibe sitolo, alibe mashelefu, salipira lendi. (Ife a m'midzi ya kumalire tidziwanso kuti lamya ioloka popanda pasipoti: ugona uli ku Malawi, udzuka lamya irikukulonjera kuti takulandirani ku Zambia.) Malonda otere aimirira pa chinthu chimodzi chokha, ndicho kuti wolandira ndalama adzatumizadi katundu amene anamuonetsa. Akanyenga kamodzi, mbiri yache ifalikira pa lamya yomweyo dzuwa lisanalowe.

Makolo ambiri atifunsa chochita ndi ana amene atha sukulu nasowa nchito, nadza kudzapempha mpamba kuti ayambe geni. Sitinena kuti muwakanize. Ku Kasungu, boma loyandikana nafe, mnyamata William Kamkwamba wa kwa Wimbe analeka sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, koma anawerenga mabuku a m'laibulale, natola zidutswa za njinga ndi zitsulo zotayidwa, namanga makina a mphepo opatsa magetsi pakhomo pa atate wache, anthu alikumuyesa wamisala. Ku Lilongwe mai Rachel Sibande anayambitsa mHub, malo ophunzitsirako achinyamata nchito za kompyuta ndi kuyamba malonda ao. Ku Kasungu komweko boma ndi UNICEF anatsegula m'chaka cha 2017 bwalo loyeserapo tindege topanda woyendetsa, tonyamula mankhwala ndi kujambula malo. Zoterezi zionetsa kuti mwana wa kumudzi sali wotsekeredwa kunja.

Komabe tiyenera kunena zimene taona ndi maso athu. Mageni ambiri a ana athu afa chaka chisanathe, ndipo sikuti aphedwa ndi makina. Choyamba chiwapha ndi kutsanzira: wina akapindula ndi kanyumba ka ejenti, anzache khumi amanga pambali pache, nagawana makasitomala omwewo kufikira onse aonda. Mnyamata wa kwa Wimbe uja anayamba ndi kuona chosowa pakhomo pao. Awa ayamba ndi kuona chimene mnzao ali nacho. Chachiwiri ndi kusasiyanitsa mpamba ndi phindu. Ndalama zonse ziri m'lamya imodzi, za geni ndi za sopo pamodzi, ndipo abale akadziwa kuti mwana ali ndi "ndalama m'foni," adza mmodzimmodzi, malume ndi bvuto lache, mlongo ndi lache. Mwanayo achita manyazi kukana, ndipo mpamba utha osadziwa tsiku limene unatha. Inu makolo amene munapereka mpambawo, musakhale oyamba kuudya. Chachitatu sichiri m'manja mwathu: malamya, mabatire, zipangizo za njinga yamoto, zonsezi zigulidwa kunja, ndipo pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ambiri amene anagulitsa katundu pa mtengo wakale analephera kuodanso wina. Mwana wofuna mpamba mumfunse zinthu zitatu izi, ndipo mumgulire kope ndi pensulo musanampatse kanthu kena.

Tafika tsono pa mtima wa nkhani, ndipo tipempha amuna ndi akazi ao awerenge gawo ili pamodzi.

Chuma cha makolo athu chinali choonekera. Nkhokwe inkaima pabwalo, ndipo mkazi, mwamuna, apongozi ndi mwana yemwe ankaona m'mene chimanga chirikutsikira. Mbuzi zinkawerengedwa madzulo polowa m'khola. Mwamuna sakanagulitsa mbuzi mobisa, pakuti mbuzi ilira panjira. Ngakhale ndalama za m'chitini kapena za pansi pa mphasa, mkazi posesa ankadziwa ngati zachepa. Kuonekera kumeneku kunali mpanda wa banja, ngakhale sitinkautcha mpanda. Munthu wofooka ankaletsedwa ndi maso a anzache pamene mtima wache unalephera kumletsa.

Nkhokwe yatsopanoyi iri m'thumba la munthu mmodzi, ndipo chitseko chache ndi manambala anai amene adziwa iye yekha. Banja lonse lalima, lapalira, lakumba mtedza, lasenda mpaka zala kutupa. Tsiku logulitsa, thukuta la anthu asanu ndi awiri lilowa m'lamya ya bambo, ndipo kuyambira pamenepo palibe aliona. Lituluka mwakachetechete, usiku, munthu ali gone pamphasa. Njuga imene kale inkafuna kuti munthu apite kukabisala kuseri kwa msika, tsopano ilowa m'nyumba yokha: mnyamata abetcha pa mpira wa ku England umene sanauone, naluza, nabetchanso kuti abweze zoluzazo. Ngongole imene kale inkafuna kuti ukagwade kwa wakatapila, tsopano uitenga ndi chala chimodzi, ndipo chiongoladzanja chache ambiri sachiwerenga. Ndipo tinene mosabisa, popeza tiri akuluakulu: mwamuna wosakhulupirika, amene kale ankasowa njira yoperekera mphatso kwa mkazi wachibwenzi, tsopano atumiza mkazi wache ali pambali pache alikupatsa mwana phala. Milandu ya mabanja imene ifika kwa ankhoswe ndi kwa ife masiku ano, yambiri iri ndi lamya m'kati mwache.

Koma tikanena mbali imodzi yokha tikhala onama. Chinsinsi chomwecho chapulumutsa akazi ambiri. Tidziwa amai amene kale ndalama zao za mandasi ndi tomato zinkalandidwa ndi mwamuna woledzera, ngakhale atazibisa m'denga. Lero ziri m'lamya, ndipo ana alipiriridwa sukulu. Mai wotere sitingamuuze kuti apereke manambala ache kwa munthu amene adzakawamwera kachasu. Chifukwa chache sitiika lamulo limodzi pa mabanja onse.

Chimene tiweruza ndi ichi: pali kusiyana pakati pa kubisa kiyi ndi kubisa nkhokwe. Manambala achinsinsi ndi kiyi, ndipo kiyi sapatsidwa kwa ejenti, kwa mnansi, kwa mwana wosewera, kapena kwa munthu wa pa lamya wodzitcha wa ku kampani. Koma kuchuluka kwa chuma cha banja, chimene chalowa ndi chimene chatuluka, si chinsinsi cha munthu mmodzi. Amene analonjezana pamaso pa Mulungu kukhala thupi limodzi sangakhale ndi nkhokwe imene mnzao saidziwa n'komwe. Lamya isunga mauthenga a ndalama zonse zolowa ndi zotuluka. Mwamuna wolungama sataya kanthu poionetsa kwa mkazi wache tsiku logulitsa mbeu ndi pakutha pa mwezi. Amene afufuta mauthengawo asanafike kunyumba adziyankhe yekha chifukwa chache.

Pa ichi amai a banki m'khonde atiposa nzeru. Bokosi lao liri ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu, ndipo silitsegulidwa koma pamaso pa onse. Ndalama aziwerenga mokweza, nazilemba m'buku. Sachita chotero chifukwa aganizirana zoipa, koma chifukwa adziwa kuti munthu ndi munthu. Magulu ena tsopano alikusunga ndalama zao m'lamya poopa akuba, ndipo tiwachenjeza kuti asataye mwambo wa mboni: lamya ya gulu isakhale ndi munthu yemweyo amene adziwa manambala ache.

Pali chinthu chinanso chimene sitikonda kuchiganiza, ndicho imfa. Chaka chatha tinaika m'manda mkristu wina wolimbika, amene anafa mwadzidzidzi atangogulitsa soya. Mkazi wache anadziwa kuti ndalama zinalowa m'lamya, koma sanadziwe zingati, ndipo pofunsa anapeza kuti nambala ya lamyayo inalembetsedwa pa dzina la mphwache wa malemuyo, amene anali kutali. Mai wamasiyeyo anayenda miyezi ndi makalata, kwa mfumu ndi ku boma, ana alikudya kamodzi patsiku. Mukumbukira kuti m'chaka cha 2017 tonse tinalembetsa ziphaso za unzika, ndipo m'chaka cha 2018 analamula kuti nambala iri yonse ilembetsedwe pa dzina la mwini wache. Ambiri nthawi imeneyo, chifukwa cha mizere yaitali kapena kusowa chiphaso, anabwereka dzina la mbale. Ngati muli mmodzi wa iwo, pitani mukakonze mukali moyo, ndipo mnzanu wa banja adziwe kumene chuma chiri.

Za akuba a pa lamya tinena mwachidule, pakuti mwazimva kawirikawiri pa wailesi, ngakhale anthu akali kugwa. Ufika uthenga wonga wa kampani wonena kuti mwalandira ndalama, ndipo pomwepo munthu aimba alikulira kuti walakwitsa nambala, mumbwezere. Musabweze kanthu musanayang'ane nokha ngati ndalamazo zalowadi. Wina akuti mwapambana mphotho pa mpikisano umene simunalowe. Wina akuti ndi wa Mtukula Pakhomo, ndipo mutumize kangachepe kuti dzina lanu lilembedwe. Ife a ku Mchinji, kumene chithandizo chimenechi chinayambira m'chaka cha 2006, tiyenera kudziwa bwino koposa onse kuti salembetsa ndi ndalama. Wina akuti mwana wanu wagundidwa ndi galimoto, tumizani msanga. Onsewa chida chao n'chimodzi, ndicho kukufulumizitsani. Dulani lamya, muimbire mwanayo kapena mbale wina, mufunse. Safunsa anadya phula. Ndipo amene wabedwa asabise ndi manyazi. Anene ku polisi ndi ku mphakati, kuti mnzache asagwe m'dzenje lomwelo.

Mwambo nawo ulikusintha, ndipo tidandaula pa chinthu chimodzi. Kale uthenga wa maliro unkayenda ndi anthu otumidwa, oyamba kwa mfumu, odziwa kukhala pansi ndi kulankhula mwaulemu kufikira mtima wa wofedwa utakonzeka. Lero mwana wa ku Joni aona chithunzi cha mai wache pa WhatsApp ndi mau akuti ause mumtendere, achibale asanamuuze. Liwiro la lamya n'lothandiza poitana abale ndi posonkha za bokosi. Koma inu achinyamata, dikirani eni maliro ayambe alankhula.

Eklezia sanayambe lero kulingalira za makina. Pamene mafakitale anasanduliza moyo wa anthu ku Ulaya, Papa Leo XIII analemba kalata ya Rerum Novarum m'chaka cha 1891, yoteteza anchito ndi mabanja ao. Sanatemberere makina, koma anafunsa za munthu woima pambali pa makinawo. Papa Leo XIV, amene anasankhidwa pa 8 Meyi 2025, anafotokozera makadinala kuti anatenga dzinali pokumbukira Leo XIII, popeza nthawi yathu nayo iri ndi kusintha kwache kwakukuru, makamaka nzeru za makina zimene azitcha AI. Nzeru zimenezi zafika kale m'malamya a ana athu a ku sekondale: ziyankha mafunso, zilemba makalata, ndipo zikhoza kupanga chithunzi kapena mau a munthu amene sanajambulidwe kapena kulankhula. Mlimi angapindule nazo pofunsa za matenda a mbeu. Koma ziyankha molimba mtima ngakhale pamene zalakwa, choncho mlangizi wa zaulimi asaiwalike. Ndipo popeza mau a munthu angathe kupangidwa, kumva liu longa la mwana wanu pa lamya sikudzakhalanso umboni wokwanira wotumizira ndalama.

Sabata yapitayi tinadutsanso kwa agogo aja, kuti tiwapatse yankho lalitali limene tinawamana poyamba. Tinapeza kuti atiyambira kale. Lamya isungidwa ndi agogo aakazi, m'chitini momwe muli makadi a ubatizo ndi a mtulo wa Eklezia; manambala adziwa awiriwo okha; ndipo Lamulungu liri lonse, akabwera ku mapemphero, agogo aakazi atsegula, mdzukulu awerenga mokweza zimene zatsala, onse awiri alikumva. Anali ndi dandaulo limodzi. Pamene anakatapa za feteleza, zotsala zinachepa kuposa m'mene anawerengera, ndipo anafuna kudziwa wadya ndani. Tinawafotokozera kuti kampani idula kangachepe nthawi iri yonse munthu atapa kapena atumiza, ndi kuti n'kwabwino kufunsa mtengo wache kwa ejenti musanayambe, ndi kutapa kamodzi m'malo mwa kasanu. Agogo anagwedeza mutu, nati: "Ndamva, aphunzitsi. Ndiye kuti nkhokwe imeneyi nayo iri ndi anankafumbwe ache."

Mwezi wamawa, Mulungu akalola, tidzanena za ana ndi makanema a pa lamya, pakuti amai a mphakati wina atipempha kutero.